Mafoni ndi matabuleti a bungwe: tilembe malamulo otani oti anthu awatsatiredi?

Nangozo_waAdmin
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ku kabungwe kena kakang'ono kuno ku Dedza, timachita za kadyedwe koyenera ndi mabanki m'khonde. Tili ndi matabuleti 34 omwe anzathu oyenda m'midzi amalembera mafomu pa apu ya KoboCollect, ndi mafoni 9 a maofesala. Ena onse amagwiritsa ntchito mafoni awoawo, ndipo imelo ya ofesi ndi gulu la WhatsApp la ntchito zili momwemo. Mwezi watha tabuleti imodzi inasowa pa depoti, mwini wake anangokhala chete mpaka tsiku lotolera malipoti. Munali maina a amayi oyembekezera, manambala a zitupa za unzika, ena mpaka zoti ali pa ma ARV. Tsopano bodi yati ndilembe malamulo a zipangizozi. Ndinatsitsa ena pa intaneti, masamba 20, koma ndi olembera anthu okhala ndi Wi-Fi ndi magetsi osathima. Kwanuko mumatani? Chofunika kwenikweni n'chiti, chongodzadzira pepala n'chiti?

Tsabola_Kambuzi
Lamulo ndi limodzi basi. Wataya, walipira. Mudzaona ngati idzasowenso ina.

Kachere265
A Tsabola, lamulo lanulo ndi lomwe limaphunzitsa anthu kubisa. Munthu akadziwa kuti akanena amudula malipiro, amayamba wazungulira kaye m'misika, afunse anyamata okonza mafoni, ena mpaka kwa asing'anga, sabata n'kutha. Nthawi yonseyo maina a amayi aja ali m'manja mwa munthu wosadziwika. Tabuleti igulidwanso. Koma zoti mayi uje wa m'mudzi wakuti amamwa ma ARV zikangotuluka, palibe angazibweze.

Achemwali a Nangozo, ine ndikanayambira pamenepo. Chipangizo chikasowa munthu anene tsiku lomwelo, kaya ndi usiku kaya ndi Lamulungu, pa nambala imene aliyense ailembe m'kope lake osati mu tabuleti yomweyo. Wonena msanga asadulidwe kanthu pokhapokha zitaoneka kuti anachita kuitayira dala. Wobisa ndiye alangidwe.

Kenako zipangizo zanu muzigawe patatu, chifukwa si zamtundu umodzi. Matabuleti a mafomu ndi a bungwe ndipo ntchito yake ndi imodzi, amenewo atsekeni kuti azitsegula maapu awiri kapena atatu okha. A Android amati dedicated device. Mafoni 9 aja ndi a bungwenso koma ofesala amaimbira, amajambula, amawerenga imelo, ndiye muwaike pansi pa ulamuliro wa ofesi koma mwaufulu pang'ono. Mafoni a eni ake ndi nkhani ina, pamenepo bungwe lili ndi malire ndipo ndi pomwe pamabuka mikangano.

Gogo_waICT
Adzukulu, musanafike ku zamakonozo. Kodi kaundula alipo? Ndikutanthauza pepala kapena Excel yosonyeza kuti tabuleti nambala 17, IMEI yake (nambala yapadera ya chipangizocho) ndi yakuti, simu ili m'katimo ndi yakuti, ili ndi uje, anasaina tsiku lakuti. IMEI mumaipeza pongoimba *#06# kapena pa katoni yomwe inabweramo. Mabungwe ambiri ndawaona akupita kupolisi kukanena za foni yobedwa, wapolisi n'kufunsa IMEI, anthu n'kumangoyang'anana. Kaundula sadya ndalama ya dona.

Nangozo_waAdmin
Agogo, kaundula alipo koma ndi wa aakaunti. Muli mtengo ndi tsiku logula, IMEI mulibe. Ndiyamba mawa kulemba.

Chisale_MandE
Popeza mwatchula KoboCollect, pali zinthu zaulere zomwe zili kale m'katimo koma anthu sazigwiritsa ntchito. KoboCollect inachokera ku ODK Collect, ndiye zoikamo zake n'zofanana. Muli poti fomu ikangotumizidwa ku seva ifufutike mu tabuleti. Muli poika pasiwedi ya woyang'anira kuti wolemba mafomu asamasinthe zimenezi. Ndipo fomu yeniyeniyo mukhoza kuikonza kuti munthu akangoimaliza izidzitseka ndi kiyi wa bungwe, moti ngakhale wolembayo sangaitsegulenso, amatha kuitsegula ndi yekhayo ali ndi kiyi winayo ku ofesi. Chenjezo langa ndi loti kiyi wa ku ofesiyo mukataya, mafomu onse apita, palibe wokuthandizani. Musunge malo awiri, anthu awiri azidziwa.

China, dzifunseni ngati nambala ya chitupa cha unzika mukuifunadi pa fomu ya kadyedwe. Nthawi zambiri timatolera chifukwa fomu tinakopera ku pulojekiti ina. Chomwe simunalembe sichingabedwe.

Mlangizi_waMakanjira
Ndawerenga zonsezi ndili chete, koma mundilole ndiyankhule ngati munthu wonyamula tabuletiyo. Malamulo anu mumalembera mu ofesi ya fani. Kuno magetsi kulibe, tabuleti ikatha moto ndimakaisiya pa tredingi kwa mnyamata wa sola, ndikaitenge madzulo. Mukalemba kuti chipangizo chisachoke m'manja mwako, mwandipangitsa kukhala wolakwa kuyambira tsiku loyamba. Mukati mafomu atumizidwe tsiku lomwelo, netiweki ndimaipeza pokwera pa chulu, nthawi zina foni imakoka ya ku Mozambique. Ndiye mwezi watha anatiikira zoti sikirini izidzitseka pakangotha masekondi 30. Mukucheza ndi gogo akufotokoza za adzukulu ake, mukamati mulembe yankho yatseka, muikenso pini, funso lililonse chimodzimodzi. Mnzanga wina analemba pini pa kapepala n'kumata kuseri kwa kava.

Kachere265
A Mlangizi mwanena zoona, ndipo masekondi 30 pa tabuleti ya mafomu ndi nkhanza chabe. Mphindi ziwiri kapena zitatu n'zokwanira, ndipo ngati tabuleti ili ndi poika chala alole chala. Za kutchajitsazo yankho lake si lamulo, ndi pawabanki kapena kasola kakang'ono kogulidwa ndi bungwe. Pomwe palibe, lamulo likhale loti ukamasiya kotchajitsa uizimitse kaye. Mafoni omwe anatuluka ndi Android 10 kupita m'tsogolo amabisa okha zomwe zili m'kati, ndipo ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso zonse zimakhala zokhomeka mpaka pini ilowe. Koma zimenezi zimagwira ngati pini ilipo ndipo si 1234 kapena chaka chobadwa. Manambala 6.

Tsabola_Kambuzi
Kasola mukampatsa, pakutha pa mwezi kali pa denga la apongozi.

Mlangizi_waMakanjira
A Tsabola, inu mumayenda pa Land Cruiser ya ofesi kupita ku maliro a kwanu, sitinanenepo kanthu.

Achimwene_aKuJoni
Kuno ku Johannesburg foni imakwatulidwa uli pa maloboti kapena ukudikira Uber, ili yotsegula m'manja. Ndipo akuba a kuno foniyo saifuna kwambiri, amafuna banki. Akalephera kutsegula amangosolola simu n'kuika mu foni ina, ma OTP onse (manambala achinsinsi omwe banki imatumiza pa SMS) n'kumafikira kwa iwo. Ndiye pa malamulo anu musaiwale pini ya simu. Ambiri sadziwa n'komwe kuti simu ili ndi loko wake. Mukalakwitsa katatu imafuna PUK, nambala yotsegulira simu yokhomeka, ndiye PUK ya simu iliyonse ilembedwe mu kaundula wa agogo uja, chifukwa PUK mukailakwitsa ka 10 simu yafa. Komanso mauthenga asamaoneke pa sikirini foni ili yotseka, apo ayi wakuba amawerenga OTP osatsegula n'komwe. Google inaikanso mu 2024 zoti foni izidzitseka yokha ikamva kuti yakwatulidwa n'kuthawitsidwa, amati Theft Detection Lock, imagwira kuyambira Android 10. Muiyatse pa mafoni a maofesala.

Kampani yathu kuno inalimbitsa zinthu POPIA, lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu, litayamba kuluma mu July 2021. Foni yanga ili ndi Intune, pulogalamu ya Microsoft yoti ofesi izilamulira mafoni ili patali. Poyamba tinkadandaula, pano tinazolowera.

Mai_aTadala
Apo ndiye ine ndikukana. Foni ndinagula ndekha, ya ngongole, ndikulipirabe. Bandulo ndimagula ndekha. Ndiye abwana a IT aikemo chinthu choti azitha kufufuta foni yanga ali ku Lilongwe? Muli zithunzi za ana anga, muli mauthenga a banja. Ndipo kwathu wa IT ndi mwana wamng'ono, amaseka ndi aliyense, mawa ofesi yonse ikudziwa kuti ndimacheza ndi ndani. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo mauthenga a pa lamya. Ntchito sinagule moyo wanga.

Kachere265
Amayi, mantha anu ndi omveka, ndipo kale zinalidi choncho. Njira yakale ya device admin inkapatsa ofesi mphamvu yofufuta foni yonse, n'chifukwa chake Google inayamba kuithetsa cha m'ma Android 10. Ya tsopano pa foni ya mwini ndi work profile. Foni imakhala ndi chigawo china cha ntchito, maapu ake amaoneka ndi kachikwama pakona. Wa IT amalamulira chigawo chokhacho. Zithunzi zanu, ma SMS, WhatsApp yanu ndi maapu anu sangaone. Mukasiya ntchito amafufuta chigawo cha ntchitocho, zanu zimatsala. Kuyambira Android 12 ngakhale IMEI ya foni yanu saiona. Mukaweruka mukhoza kuchizimitsa chigawocho, maimelo a abwana n'kusiya kulira mpaka m'mawa. Chomwe angakukakamizeni n'choti pakhale pini yolimba.

Koma apa ndigwirizana nanu: zimenezi zilembedwe poyera mu malamulowo, kuti ofesi imaona izi, siiona izi, ndipo munthu asaine atamvetsa. Wokana asaumirizidwe. Angochotsa imelo ya ofesi mu foni yake, ndipo ngati ntchito yake singayende popanda foni, bungwe limugulire.

Mai_aTadala
Mawu omalizawo ndi omwe ndimafuna. Alembedwe ndi zilembo zazikulu.

Kanyimbi_Dev
A Kachere, musaiwale kuti theka la ogwira ntchito athu ali ndi timafoni ta Android Go, ta RAM yochepa. Tambiri mwa timeneti work profile sitilola. Ndiye musalembe lamulo lodalira chinthu chomwe foni ya munthu singathe. Yambani mwazungulira muone anthu ali ndi mafoni otani.

Ndipo ndinene za kufufuta uli patali, popeza ma bodi amaikonda nkhani imeneyi. Lamulo lofufuta limadikira kuti chipangizo chilowe pa intaneti. Wakuba akachotsa simu n'kupita nayo kwa woflasha, lamulo lanu lidzangokhala pa seva likudikira. Ndiye chomwe chimateteza amayi aja ndi pini, kubisa kwa mafomu komwe a Chisale anena, ndi kusasunga mafomu ambiri mu tabuleti. Kufufuta patali ndi kowonjezera chabe.

Maule_Mpaka_Kale
Ine funso langa ndi laling'ono. Mukatseka matabuletiwo, Bullets ikamasewera tiziona bwanji zigoli tili kumudzi?

Nyerere_yaLaliLubani
Akuchitirani chifundo, musamaone zokhumudwitsa.

Maule_Mpaka_Kale
Werengani zikho kaye, mubwere tikambirane.

Gogo_waICT
Adzukulu, za mpira kuli gulu lake. Komabe funso la a Maule lili ndi mfundo. Bandulo ya bungwe imathera pa Facebook, TikTok, kubetcha ndi kugawira anzawo hotspot, ndiye tsiku lotumiza mafomu munthu akuti data yatha. Walira mvula walira matope, walandira tabuleti ya bungwe walandira ndi malamulo ake. Koma pa mafoni a maofesala ine sinditseka Facebook. Ukatseka zonse munthu amanyamula foni yachiwiri, ntchito yonse n'kusamukira ku foni yomwe iwe suiona. Chomwe ndimatseka osanyengerera ndi kuika maapu ochokera kunja kwa Play Store. Zija zopatsana pa Xender, GB WhatsApp (WhatsApp yosinthidwa ndi anthu ena, osati yeniyeni), maapu a mafilimu aulere, ndi zija amakuikira anyamata oika nyimbo pa msika. Umo ndi momwe mumalowera zoipa.

Nangozo_waAdmin
GB WhatsApp ali nayo ndi abwana athu aakulu. Akuti imawaonetsa mauthenga omwe anthu afufuta.

Tsabola_Kambuzi
Basi lembani kuti malamulowa sakhudza a ED, abwana aakuluwo, musunge ntchito yanu.

Nyasa_kuLeeds
Mukuseka koma vuto lalikulu lili pamenepo. Foni ya a ED ndi ya wa zachuma ndi zomwe zili ndi zambiri kuposa matabuleti onse 34 kuphatikiza pamodzi. Muli imelo ya madona, apu ya banki, ma OTP ovomerezera malipiro. Ndipo anthu amenewa ndi omwe amakana pini, amapatsa mwana foni kuti aonere makatuni, amadina linki iliyonse yolembedwa kuti invoice. Wakuba akalanda WhatsApp ya a ED n'kulembera wa akaunti kuti tumizani ndalama mwachangu pa nambala iyi ndili mu msonkhano, ndani angafunse kawiri? Kulandako n'kosavuta. Amakulemberani kuti ndakutumizirani manambala 6 molakwitsa, ndibwezereni, inu n'kutumiza, akaunti yapita. Mankhwala ake ndi two-step verification ya mu WhatsApp momwemo, ndi kumayang'ana pa linked devices kuti palibe kompyuta yachilendo. Ndipo pakhale lamulo loti ndalama sizituluka chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp, muimbireni munthuyo mumve mawu ake.

A Nangozo, inu musalimbane nawo abwana. Pemphani wapampando wa bodi kuti malamulowa akavomerezedwa, foni yoyamba kukonzedwa ikhale ya a ED, anthu onse akuona. Ngati muli ndi dona wa ku Ulaya, yang'anani mu kontirakiti, nthawi zambiri mumakhala ndime ya GDPR, lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu. Abwana amamva msanga ukatchula dona.

Chisale_MandE
Sitikufunikanso kubwereka za ku Ulaya. Tili ndi lathu, Data Protection Act ya 2024, linayamba kugwira ntchito mu June chaka chomwecho, ndipo oyang'anira ndi a MACRA. Za umoyo wa munthu zili m'gulu la zinsinsi zofuna chisamaliro chapadera. Zikatayika kapena kubedwa, bungwe liyenera kudziwitsa a MACRA pasanathe maola 72 kuchokera pomwe ladziwa. Ndiye onani, wogwira ntchito akabisa sabata yathunthu, inu mumadziwa mochedwa ndipo amayi aja amakhala pa chiopsezo nthawi yonseyo osachenjezedwa. A Nangozo, za tabuleti inasowayo munanena kwina kulikonse kupatula kupolisi?

Nangozo_waAdmin
Kupolisi kokha, kuti tipeze lipoti la inshuwalansi. Ndakopera zimene mwalembazi ndatumiza kwa wapampando, aone ndi loya wa bungwe.

Mphonda_Zomba
Ine ndibweretse lina lomwe simunalikhudze, la munthu akamachoka ntchito. Kwathu kuli katoni ya matabuleti abwinobwino omwe sagwira ntchito. Pulojekiti itayamba aliyense anauzidwa kuti alowetse Gmail yake. Pulojekiti itatha anthu anabweza matabuleti n'kumapita, wina ku Joni, wina anamwalira, wina anachoka mokwiya. Titawafufuta kuti tipatse ena, onse akufuna akaunti ya Google ya mwini wakale. Ndi chitetezo chija anaika kuyambira Android 5.1 choti wakuba asamangofufuta foni n'kugulitsa. Chinatigwira ife eni ake. Ndiye lembani kuti pa chipangizo cha bungwe sipalowa Gmail ya munthu. Ndipo tsiku lobweza, wa admin aone kuti maakaunti achotsedwa munthuyo ali pompo, asanasainiridwe fomu yotsanzikira.

Chimodzimodzi simu. Chiyambireni kulembetsa masimu ndi chitupa cha unzika mu 2018, masimu ambiri a mabungwe ali m'maina a anthu, chifukwa dalaivala ndiye anatumidwa kukagula. Nambala yomwe midzi yonse ikuidziwa kuti ndi ya bungwe, yomwe ili ndi Airtel Money kapena Mpamba yolipirira ma alawansi, pa lamulo ndi ya dalaivala. Akachoka akhoza kukaibwezeretsa ndi chitupa chake, inu n'kutsala ndi kapulasitiki. Pitani ndi mapepala a bungwe mukalembetse m'dzina la bungwe.

Dalaivala_Wanu
Nthawi zonse chikalakwika ndi dalaivala. Munandituma nokha ndi K2,000 yanu.

Mphonda_Zomba
Pepani achimwene, sindinati ndinu wakuba. Olakwa ndi okutumaniwo.

Kanyimbi_Dev
Katoni ya a Mphonda ndi chifukwa chake chipangizo chiyenera kulembetsedwa ku MDM, pulogalamu yoti ofesi izilamulira zipangizo ili patali, chisanafike m'manja mwa munthu. Sizovuta. Mukachifufuta, pa sikirini yoyamba ija yokulandirani mumagogoda ka 6 pamalo amodzi, kamera imatseguka, mumajambula QR code ya bungwe, basi chalowa pansi pa ofesi. Kuchokera pamenepo ofesi ndiyo imasankha akaunti yotsegulira chikafufutidwa, imatumiza maapu, imatseka USB, imaona chomwe chakhala nthawi yaitali osalumikizana.

Vuto ndi ndalama. Intune ndi zinzake zimalipidwa pa madola mwezi ndi mwezi, ndipo mukudziwa momwe forex ilili. Microsoft inkapereka malaisensi 10 a Business Premium aulere kwa mabungwe osapanga phindu, inasiya mu 2025. Ilipo Headwind MDM yomwe mukhoza kuika pa seva yanu osalipira laisensi, koma imafuna munthu woisamala. Ngati bungwe lilibe wa IT wokhazikika, seva yosasamalidwa yomwe ili ndi mphamvu pa matabuleti onse ndi ngozi yoposa kusakhala nayo. Muike mtengo wa MDM mu bajeti ya pulojekiti pomwe mukuika mtengo wa matabuleti, dona sakana zimenezi akaziona poyamba.

Tsabola_Kambuzi
Mungogula ma iPhone, nkhani ithe.

Achimwene_aKuJoni
Ndi ndalama za ndani? Ndipo KoboCollect ndi ya Android.

Gogo_waICT
Pa zogulazi ndinenepo. A procurement amasankha kotesheni yotsika pa zitatu, ndiye mumalandira matabuleti opanda dzina omwe sadzalandira update ngakhale imodzi. Mu 2020 ofufuza a Secure-D anapeza mafoni a Tecno W2 masauzande ambiri m'maiko ngati Ethiopia, Ghana ndi South Africa ali ndi pulogalamu yoipa ya Triada yobwera nayo kuchokera kopanga, imadya data ndi kulembetsa anthu zinthu zolipira iwo osadziwa. Kampaniyo inati vuto linachokera kwa wina wowagulitsa zipangizo ndipo inakonza. Sindikunyoza mtundu umenewu, ndikuti funsani musanagule kuti wopanga walonjeza ma update a chitetezo kwa zaka zingati. Samsung ndi Google analonjeza zaka 7 pa Galaxy S24 ndi Pixel 8, koma amenewo si a thumba lathu. Pa otsika mtengo zaka zimachepa, ndiye muwerenge za mtundu womwe mukugulawo. Mu malamulo mulembe kuti chipangizo chikasiya kulandira ma update chisanyamulenso za umoyo wa anthu.

Mlangizi_waMakanjira
Ma update amenewo amadya bandulo ya mwezi wathunthu. Atipatsa ya mafomu okha.

Kachere265
Azichitikira ku ofesi pa Wi-Fi, tsiku la msonkhano wa pamwezi. Aliyense abwere ndi tabuleti yake, wa admin aione ndi maso, aichonge mu kaundula, ilandire update anthu ali mu msonkhano. Pamenepo mwaphanso vuto la kubisa, chifukwa yosowa ioneka.

Mlangizi_waMakanjira
Chabwino. Koma pali china chomwe anzanga amanong'onezana. GPS. Akuti matabuletiwa amaonetsa ku ofesi komwe wagona. Mnzathu wina anaitanidwa kukafunsidwa chifukwa chomwe tabuleti inali ku Mangochi boma Loweruka. Anapita ndi mwana kuchipatala, tabuleti anaitenga poopa kuisiya m'nyumba yopanda loko.

Mai_aTadala
Mwaona? Zomwe ndimanena zija.

Nyasa_kuLeeds
Kumeneko ndi kugwiritsa ntchito chida molakwika, ndipo mapeto ake anthu azizimitsa matabuleti kapena kuwasiya m'nyumba zopanda loko zomwezo. Pa chipangizo cha bungwe ofesi ikhoza kuona komwe chili, inde, ndipo anthu auzidwe zimenezo poyera. Koma malamulo anene kuti malo amayang'anidwa pokhapokha chipangizo chanenedwa kuti chasowa, amayang'ana ndani, ndipo zilembedwe kuti anayang'ana liti. GPS ya pa fomu yosonyeza kuti unafikadi pakhomo lomwe ukuti unafika ndi nkhani ina, imeneyo ndi ya ntchito. Malamulo asamange wonyamula tabuleti yekha, amangenso wa IT ndi abwana.

Bambo_Audit
Muikemonso kuti pasiwedi izisinthidwa masiku 30 aliwonse. Ife tikabwera timafunsa chimenecho.

Kanyimbi_Dev
Bambo, chonde musatibwezere m'mbuyo. A NIST, bungwe la boma la ku America loika miyezo, omwe mapepala anu ambiri a audit anachokera, anasiya kulimbikitsa zimenezo mu 2017. Anaona kuti munthu ukamamukakamiza kusintha pafupipafupi amangoika Dedza1, Dedza2, Dedza3, kapena kumata kapepala kuseri kwa kava ngati mnzawo wa a Mlangizi. Isinthidwe pakakhala chifukwa, monga wina waiona kapena chipangizo chapatsidwa kwa munthu wina. A NIST omwewo ali ndi chikalata cha mafoni a m'mabungwe, SP 800-124, anachikonzanso mu 2023. A Nangozo akhoza kuchitchula pamwamba pa malamulo awo kuti a audit agone tulo.

Bambo_Audit
Fomu yathu ikadali ndi funso limenelo. Mukalemba chifukwa chake mu malamulo anu ndipo bodi yasaina, ine ndichonga.

Nangozo_waAdmin
Zikomo nonse, ndapeza zambiri kuposa za m'masamba 20 aja. Ndalemba masamba awiri. Loyamba ndi la wonyamula chipangizo, m'Chichewa, ziganizo zifupizifupi: pini ya manambala 6 yosauza mnzako, osabwereketsa ngakhale kunyumba, zimitsa ukamasiya kotchajitsa, osaika apu kapena Gmail yako, tumiza mafomu ukangopeza netiweki, chikasowa imba tsiku lomwelo ndipo sudulidwa ukanena msanga. Lachiwiri ndi la ofesi, zomwe ifeyo tikulonjeza: kaundula, masimu m'dzina la bungwe, mapawabanki, ma update pa msonkhano wa pamwezi, zomwe timaona ndi zomwe sitiona, ndi woti adziwitse a MACRA. Za mafoni a eni ndalemba monga ananenera a Kachere ndi Mai a Tadala. Nambala ya chitupa cha unzika taichotsa pa fomu ya kadyedwe, a M&E athu, ochita kalondolondo wa ntchito, avomera. Chomwe chandivuta ndi chiganizo cha osabwereketsa kunyumba. Mayi wina wandiuza kuti bambo akunyumba akafuna kuona za m'tabuleti iye sangakane, ikhala ndewu.

Mai_aTadala
Ameneyo akunena zoona, ndipo si yekha. Apa kutseka kwa a Kachere kuja kumathandiza mayiyo. Bambo akatsegula n'kupeza fomu yokha, palibe WhatsApp, palibe zithunzi, palibe poimbira, amaibweza okha. Komanso mupatseni kalata ya chidindo yonena kuti ichi n'chipangizo cha bungwe ndipo wina akachigwira ntchito imatha. Amuna ambiri chidindo amachiopa kuposa mawu a mkazi wawo.

Chisale_MandE
Ndipo mafomu omalizidwa akhale otsekedwa ndi kiyi uja. Bamboyo amawadziwa amayi a m'mudzimo ndi maina, ndiye woopsa kuposa wakuba wa pa depoti.

Kachere265
Musanapite nazo ku bodi, yesani pa tabuleti imodzi. Ilembetseni, itsekeni, mupatse mlangizi mmodzi ayende nayo sabata, kenako muyese kuifufuta muli ku ofesi muone ngati zikuchitikadi. Musadzayesere koyamba tsiku lomwe yabedwa.

Nangozo_waAdmin
Ilipo ya sikirini yong'aluka, ndiyesera imeneyo Lachisanu. A Kanyimbi, ndikulemberani kumbali za QR code ija, pamenepo ndisochera ndekha.

Tsabola_Kambuzi
GB WhatsApp ya abwana mudzatiuze kuti inatha bwanji.